Mawu Makumi Asanu a Bambo

12 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndakulembera chifukwa unati foni imakusokoneza ukakhala mu labu ya kuyunivesiteko, ikalira umangoitembenuza. Chabwino, werenga. Ife kuno tilipo, mlamu wako akupereka moni. Kaya iwe ndi makompyuta akowo.

Bambo tawatulutsa m'chipatala Lachiwiri. Adokotala ati sitiroko ija yagwira mbali ya kumanja ndi lilime. Mwendo akukoka, dzanja lagona, koma mutu uli bwinobwino, ndipo ukanama pafupi nawo amakuyang'anabe ndi diso lija la kukhoti. Chapita ndi pakamwa. Munthu amene anamasulira kukhoti zaka makumi atatu, akuba, mboni ndi oweruza onse akudalira lilime lake, lero akafuna madzi amangoti "aaji".

Dzulo analankhula pafupifupi theka la ola. Tinawabweretsera madzi, anakana. Bulangete, anakana. Wailesi, anaikankha. Tinazindikira titaona pansi panyowa kuti ankafuna kuchimbudzi. Bambo analira, mlongo, ine n'kuthawira kushopu kumene ndinameta kasitomala mokhota.

Tawagoneka m'chipinda chako chija chogundana ndi shopu, kuti akagogoda khoma ndi ndodo ndizimva ndili pa ntchito. Iwe ndiye unaphunzira. Tiuze chochita, kapena bwera.

Ndine mchimwene wako wometa.


20 Febuluwale

Achimwene,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo ndalira. Moni kwa alamu ndi ana. Kubwera pakadali pano sindingathe, koma mverani, pali china choposa kubwera.

Ndakambirana ndi apulofesa amene amandiyang'anira, ndipo avomera kuti kafukufuku wanga akhale pa vuto la bambo lomweli. Ndilemba pulogalamu yoti iphunzire kalankhulidwe kawo. Akati "aaji", foni izinena momveka kuti "madzi". Poyamba chidzakhala chitsanzo chongoonetsa kuti ganizoli ndi lotheka, koma chilichonse chimayamba choncho.

Ntchito yanu ndi iyi. Ndatumiza mndandanda wa mawu makumi asanu: madzi, chimbudzi, kuwawa, inde, ayi, kuzizira, mankhwala, ndi ena. Liwu lililonse alitchule kakhumi, inu mukujambula ndi foni. M'chipinda mukhale chete, foni italikirane ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho. Mukatumiza kwa ine, fufutani m'foni mwanu nthawi yomweyo. Limeneli ndi lamulo la komiti yoona za kafukufuku: mawu a wodwala sasungidwa m'foni ya munthu wamba. Pa fomu ndatumizayo adinde chala.

Ndikudalira khutu lanu. Si inu munkawatsanzira bambo akumasulira mlandu wa mbuzi, mpaka malemu amayi kutsamwa ndi kuseka? Mudzadziwa liwu likatuluka bwino.

Muwauze bambo kuti ndiwabwezera pakamwa pawo.

Mlongo wanu.


9 Malichi

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tadzuka. Mawu ako ndakhala ndikutumiza tsiku lililonse, sabata yachitatu ino, koma iwe zii, ngakhale "ndalandira".

Nditawawerengera bambo kalata yako anandilozera sutikesi. Ankafuna jekete ndi tayi. Ndinawauza kuti foni siona, ikungomva, koma wapakaliyala sayimba belu, ndinawaveka. Tsopano m'mawa uliwonse amakhala pampando atavala ngati akupita kukhoti, tayi atakhota, malovu akudontha pa kolala, akutchula "chimbudzi" kakhumi. Tikafika pa liwu la makumi atatu amakhala thukuta lili kamukamu. Ndikati tipume amamenya ndodo pansi.

Pali chinthu chimodzi ndikufuna undithandize. Tikamaliza mndandanda, bambo amagwira dzanja langa kuti ndisazimitse foni. Amaiyang'anitsitsa n'kuyamba kulankhula, nthawi zina mphindi zisanu, nthawi zina khumi. Si za pa mndandanda. Akulankhula ndi iwe. Ine ndimangotolapo "mwanangu" basi, zina zonse zimandidutsa. Masiku onse amayamba chimodzimodzi, ndiye kuti ndi nkhani imodzi imene akufuna uimve. Zonsezo ndimatumiza pamodzi ndi zinazo, kenako ndimafufuta monga unanenera.

Makina akowo akuti bambo akuti chiyani?

Mchimwene wako.


16 Malichi

Achimwene,

Moni nonse. Ndilembe mwachidule, nthawi ilibe mnzake kuno.

Zimene mwatumiza sizikuthandiza. Kompyuta ikuonetsa phokoso paliponse: makina ometera kuseri kwa khoma, ana, galimoto, kutsokomola. Komanso bambo satchula liwu limodzi mofanana kawiri. Pulogalamu ikulondola mawu 31 okha pa 100 alionse. Apulofesa ataona anangovula magalasi n'kundifunsa ngati kwathu kulibe munthu wodziwa kutsata malangizo. Ndinachita manyazi.

Za kulankhula kwakutaliko, musamataye nazo nthawi. Ine sindimvetsera chimodzichimodzi, zilipo masauzande. Kompyuta imasandutsa mawu kukhala manambala, ndipo chilichonse chopitirira masekondi awiri imachidula yokha. Pulogalamuyi imadziwa mawu makumi asanu, si nkhani.

Zonse za masabata atatuwa ndazifufuta kuti zisasakanikirane ndi zabwino. Tiyambirenso. Tsekani shopu pojambula, ana atuluke, ndipo bambo ayesetse kutchula mofanana. Musawamvere chisoni kwambiri, chisoni sichiphunzitsa kompyuta.

Pepala la kafukufuku liyenera kutumizidwa kumsonkhano pofika pa 30 Epulo. Apulofesa anena poyera kuti tikapanda kupitirira 80 pa 100, ntchitoyi aitseka. Ikatsekedwa, ine maphunziro athera pomwepo, ndipo bambo sadzapeza kanthu. Zili m'manja mwanu.

Mlongo wanu.


24 Malichi

Mlongo,

Moni. Kalata yako inafika. Bambo anaiona ndili nayo ndipo anaumirira kuti ndiwawerengere. Ndinayesa kudumpha mizere ina, koma ndinakuuza za diso lija. Ndinawerenga yonse, mpaka pa masekondi awiri paja.

Anavula tayi okha ndi dzanja lamanzere. Zinawatengera nthawi, ndipo sanalole kuti ndiwathandize.

Fupa lokakamiza limaswa mphika, mlongo. Koma wanena kuti zili m'manja mwanga, ndamva. Usadandaule, mawu ako uziwalandira.

Mchimwene wako.


14 Epulo

Achimwene anga okondedwa,

Moni, moni, moni! Mwadzuka bwanji nonse? Ine ndikulemba ndikuvina.

94 pa 100! Achimwene, 94! Ndinabwereza kuyesa kanayi poopa kuti ndalakwitsa penapake. Apulofesa anaitana anzanga onse a mu labu kudzaona, ndipo munthu amene sayamikira ngakhale tiyi anandigwira chanza. Zimene mwatumiza masabata atatu apitawa ndi zoyera ngati zojambulira mu situdiyo. Mwaona tsono kuti mukafuna mumatha? Pepani ndinakulankhulani mokalipa, koma onani zipatso zake.

Manambala akuonetsa kuti bambo tsopano akutchula mofanana nthawi zonse, mpweya wawonso wakwanira. Kodi akupezako bwino? Ndikuona ngati kubwereza mawuku kukuwalimbitsa lilime. Ndalembamo zimenezo m'pepala, apulofesa akuti ndi mfundo yokoma.

M'pepalamo dzina lawo silitchulidwa, ndi lamulo. Akutchedwa Wolankhula 1. Muwauze kuti ndi nambala wani, aseka.

Mlongo wanu wokondwa.


22 Epulo

Alamu,

Ndine mkazi wa achimwene anu. Sindinakulemberenipo, ndipo iwo sakudziwa kuti ndalemba. Moni, ana akupatsani moni.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, za makina anuzo sindizidziwa. Ndimadziwa zochapa zofunda za apongozi kawiri pa tsiku ndi kuwamwetsa supu ndi sipuni. Ndiye ndikuuzani zimene ndikuona. Apongozi sakupeza bwino. Aonda, lamba tabowola mabowo awiri atsopano. Akaona foni m'manja mwa munthu aliyense amatembenukira kukhoma. Jekete ija anandiuza ndi manja kuti ndiibwezere m'sutikesi.

Achimwene anunso sindikuwamvetsa. Masana alionse amabweza makasitomala, amatseka shopu ndi mawindo omwe, n'kukhala m'menemo okha ndi foni maola awiri. Akatuluka maso ali psuu, chakudya osachikhudza. Ndikafunsa amati ndi ntchito ya mlongo wanga.

Bwerani, alamu, ngakhale masiku awiri. Kukadutsa galimoto pamsewu apongozi amadzutsa mutu kuyang'ana pazenera.

Ndine mlamu wanu.


18 Meyi

Achimwene,

Moni kwa nonse. Pepani ndachedwa kulemba, tinali pa liwiro la pepala lija. Nkhani yabwino ndi yakuti alilandira! Pa mapepala oposa mazana atatu asankha makumi anayi, langa lili momwemo. Ndikalankhula kumsonkhano kumayambiriro kwa Ogasiti.

Alamu anandilembera. Muwauze asadere nkhawa, kutumiza mafayilo ambiri chonchija kumatenga nthawi ndipo kumafuna pachete, n'chifukwa chake mumadzitsekera. Kapena akuganiza kuti mwapeza wina wa pafoni? Nsanje ya akazi a m'nyumba inu! Zoti bambo aonda, odwala amatero, koma manambala sanama, lilime likulimba.

Kujambula mutha kusiya tsopano, zakwana. Zikomo kwambiri. Kumapeto kwa pepala ndalemba kuti ndikuthokoza banja la Wolankhula 1.

Mlongo wanu.


2 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Tamva za pepala, wachita bwino. Ndinawauza bambo, anatseka maso.

Tsono chinthucho chibwera liti? Ndagula foni ina yoti izikhala pafupi ndi bedi lawo, ndaikhomera kashelefu pakhoma. Undiuze ngati utumiza pa intaneti kapena ubwera nacho wekha. Fulumira. Sabata yatha anakhala tsiku lonse akubuula, ife tikuwasisita mwendo, pamene chikuwawa ndi dzino. Tinadziwa tsaya litatupa. "Kuwawa" ndi "dzino" onse ali pa mndandanda wako, nambala 3 ndi nambala 27.

Mchimwene wako.


15 Juni

Achimwene,

Moni. Kalata yanu yandivuta kuyankha, chifukwa ndikuona kuti sitinamvane kuyambira pachiyambi. Ndinalemba m'kalata yanga yoyamba kuti ichi ndi chitsanzo chongoonetsa kuti ganizo ndi lotheka. Bwererani mukawerenge, zilimo.

Pulogalamuyi imayenda pa kompyuta yaikulu ya mu labu, ndipo liwu limodzi imalilingalira pafupifupi mphindi yathunthu. Pa foni singayende. Kuti ifike poti munthu n'kuigwiritsa ntchito kunyumba pamafunika gulu la anthu, odwala ambiri oyesera, chilolezo china, mwina zaka zitatu kapena zinayi. Imeneyo si ntchito ya wofufuza. Ife timatsegula chitseko, ena ndiwo amalowa. Apulofesa andipatsa kale mutu wina, wokhudza zithunzi za m'mapapo.

Musaone ngati bambo avutika pachabe. Tsiku lina anthu ambiri adzathandizidwa chifukwa cha iwo. Pakadali pano mutha kuwalembera mawu aja pa katoni kuti aziloza ndi chala. Njira imeneyo imathandiza ndithu.

Ndikabwera ukatha msonkhano.

Mlongo wanu.


21 Juni

Dokotala,

Ndiyambe kukutchula choncho, poti ndi chimene unkafuna. Moni.

Ndabwerera ndawerenga. Zilimodi, mzere umodzi. M'kalata yomweyo mulinso mzere wina wakuti "ndiwabwezera pakamwa pawo". Umenewo ndiwo ndinawawerengera bambo kawiri, ndiwo anavalira tayi.

Ine ndikamumeta munthu mbali imodzi ya mutu, n'kumuonetsa pagalasi kuti waona, makinawa amameta, tsono dzuka uzipita, ena adzamaliza pakatha zaka zinayi, angandisiye ndi mano? Koma inu ophunzira mukatero amakuomberani m'manja.

Za katoni wachedwa nazo. Mlamu wako, amene unamuseka za nsanje, anaganiza zimenezo mu Epulo popanda pulofesa. Anadula katoni ya sopo n'kulembapo ndi makala. Inatithandiza mwezi umodzi. Panopa maso awo sakuonanso bwino zilembo, ndipo dzanja lamanzere layamba kunjenjemera.

Pa kashelefu paja taikapo mankhwala.

Wometa.


4 Ogasiti

Dokotala,

Bambo atisiya Lachitatu m'mawa, mlamu wako akuwapukuta kumaso. Ndinakuimbira kasanu ndi kawiri. Ndikudziwa, unali kumsonkhano, foni unaitembenuza. Tawaika dzulo. Tinawaveka jekete ija, tayi sitinawaveke.

Lolemba analankhula nthawi yaitali akuyang'ana pazenera. Sitinamve.

Wometa.


19 Ogasiti

Achimwene,

Sindikudziwa poyambira. Ndinaona mafoni anu nditatsika pa nsanja, anthu akundigwira chanza. Ndinakhala pansi pakhonde la holo ya msonkhanoyo. Ndinachita mantha kukuimbirani, ndipo mpaka lero ndikuopa kubwera. Ndalakwa, achimwene. Ndikupempha inu ndi alamu mundikhululukire.

Dzulo ndinapita ku labu anthu onse atapita kukadya. Ndinatsegula mafayilo aja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinavala zomvera m'makutu n'kumvetsera. Miyezi yonseyi ndinkangoona manambala. Ndinamva bambo akuti "aaji". Ndinamva akuti "kuzizira", ndi kampweya kaja amakoka asanalankhule, monga ankachitira kukhoti. Ndinalira mpaka mlonda anabwera kudzaona. Ndamvetsera "inde" kokha maulendo osawerengeka, ndikumawafunsa ngati andikhululukira.

Komiti imafuna kuti mafayilowa afufutidwe kafukufuku akatha, koma ndapempha chilolezo choti banja lisunge. Ndikutumizirani kuti ana adzamve agogo awo. Ndi chokhacho chimene ndawachitira bambo: mawu awo sanapite nawo kumanda.

Ndafunafuna zakutali zija munkanena, sindikuzipeza. Ngati munasungako ngakhale chimodzi, chonde nditumizireni. Ndikufuna kudziwa chimene ankandiuza.

Mlongo wanu.


28 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni. Tilipo. Shopu ndatsegulanso, m'chipinda chako tachapa ndipo matiresi tawotcha.

Mafayilowo usatumize. Ana amamumva munthu ameneyo tsiku lililonse akuwakalipira kuti asambe.

Bambo sanalankhulenso pa foni kuyambira tsiku lija anavula tayi. Ndinawanyengerera masiku atatu, ndinagwada, anangoyang'ana khoma. Iwe unali utalemba kuti zili m'manja mwanga, kuti ntchito ikatsekedwa bambo sapeza kanthu. Ndiye ndinatseka shopu, ndinakhala pa mpando wometera, ndinaika foni kutalika kwa chikhatho, ndinakhotetsa pakamwa ndikudziyang'ana pagalasi, n'kunena kuti "aaji". Kakhumi. Kenako "chimbudzi", kakhumi. Mawu makumi asanu, masana alionse, mpaka unati zakwana. Kampweya kaja kanakuliza ndinakaphunzira ndili ndi zaka khumi, pa mlandu wa mbuzi.

Sindinachite kuti ndikupusitse. Ndinkaganiza kuti makina akaphunzira kwa ine adzawamva bambo, poti ndimawatsanzira osaphonya. Ndinkaganiza kuti pali makina amene akubwera. Ukudziwa mmene zimawawira kutsanzira bambo ako opuwala, iwo ali kuseri kwa khoma lomwelo? Khomalo ndi lopyapyala, unadandaula nalo wekha. Tsiku lina ndili pakati pa "kuwawa" anagogoda ndi ndodo katatu. Ndinapita. Anandiyang'ana ndi diso lija. Ndinabwerera kushopu n'kupitiriza, chifukwa tsiku lako la 30 Epulo linali pafupi.

Ndinkadikira kuti tsiku lina undigwire. Ndinkati mwana wawo akangomvetsera kamodzi adziwa kuti awa si bambo. Miyezi inayi sunamvetsere. Tsopano wamvetsera, ndipo sunadziwebe.

Wolankhula 1 ndine, Dokotala. 94 ija ndi yanga. Ya bambo inali 31, imene inakuchititsa manyazi pamaso pa apulofesa. Mawu awo enieni anali m'masabata atatu oyamba aja, pamodzi ndi nkhani yonse imene ankakuuza atandigwira dzanja. Kuno ndinafufuta chifukwa cha lamulo la komiti yako. Uko unafufuta wekha pa 16 Malichi kuti zisasakanikirane ndi zabwino. Bwerera ukawerenge, zilimo.

Chimene ankakuuza sindikuchidziwa. Ndingathe kukutchulira mmene chinkamvekera, poyambira pake mpaka pothera, chifukwa ndinachimva masiku makumi awiri ndi limodzi. Tanthauzo lake anapita nalo.

Za pepala lako uona wekha. Ine sindilembera apulofesa, sindidziwa n'komwe adiresi yawo. Ukawauza, uwauze. Ukakhala chete, anthu apitiriza kukuombera m'manja chifukwa chotsimikizira dziko kuti kompyuta itha kumva wometa wabwinobwino akuseweretsa pakamwa.

Ndipo ukadzawasowa bambo, usavutike kupita ku labu. Ungondiimbira foni, ine sinditembenuza. Mawu onse makumi asanu ndikuwadziwa pamtima. "Inde" ndi nambala 4. Ndidzakutchulira kakhumi.

Ndine mchimwene wako wometa.